KODI MUMAUDZIWA BWINO MSATSI?

Alimi anzanga, mukamayenda m'mbali mwa mtsinje wa Mudi, wa Naperi kapena wa Nasolo, kapenanso mukamatsata njanji yochokera ku Limbe kupita ku Blantyre, simungalephere kuona mitengo ya msatsi. Imamera yokha pa madzala, m'mabwinja, kuseri kwa zimbudzi ndi m'malire a minda ya ku Chigumula, Machinjiri ndi Chileka. Palibe amene amaidzala kapena kuipalira, ndipo ambiri a ife timangoiyesa tchire.

Komabe masiku ano mafunso okhudza nsatsi achuluka. Alimi ena akufunsa ngati angalime nsatsi kuti azigulitsa, poti amva kuti mafuta ake ali ndi msika kunja. Amayi ena akufunsa ngati mafuta a nsatsi amene amagulitsidwa m'timabotolo m'misika ya m'tauni ndi oyenera kumwa. Enanso awerenga pa lamya zawo za m'manja kuti mafutawa amachiza nthenda iliyonse. M'nkhani ino tiyankha mafunso amenewa. Werengani mpaka kumapeto, ndipo muwawerengereko anzanu amene satha kuwerenga, chifukwa mbali ina ya nkhaniyi ikukhudza moyo wa ana athu.

MSATSI NDI CHOMERA CHOTANI?

Mtengo wake timati msatsi, njere zake nsatsi. Anzathu Achiyao amati mbalika. Akatswiri a zomera amautcha Ricinus communis, ndipo amauika m'banja limodzi ndi chinangwa. Liwu loti ricinus m'Chilatini limatanthauza nkhupakupa. Mukaiyang'anitsitsa njere ya nsatsi mudzaona kuti ikufananadi ndi nkhupakupa yokhuta magazi, mawanga ake ndi kamutu kake komwe.

Masamba a msatsi ndi aakulu, otambasuka ngati chikhatho. Maluwa ake amakhala pa tsango limodzi, aamuna m'munsi, aakazi pamwamba, ndipo mphepo ndiyo imanyamula mungu. Chipatso chake chili ndi minga yofewa, ndipo mkati mwake muli zipinda 3, chipinda chilichonse njere imodzi. Chipatsochi chikauma chimaphulika n'kumwaza njere patali. Ichi ndicho chifukwa chake msatsi ukangomera pamalo, chaka chinacho mumapeza misatsi yambiri.

Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti kwawo kwa chomerachi ndi kuno ku Afrika, cha ku Ethiopia ndi maiko oyandikana nako. Anthu anayamba kale kwambiri kuchigwiritsa ntchito. Buku la mankhwala la Aiguputo lotchedwa Ebers Papyrus, limene linalembedwa cha m'ma 1550 Yesu asanabadwe, limatchula nsatsi pakati pa mankhwala ake. Kwathu kuno, mayi Jessie Williamson anaiika nsatsi m'buku lawo la zomera zothandiza limene linatuluka mu 1955 ndi kusindikizidwanso mu 1975 ndi dzina loti Useful Plants of Malawi.

MUSASOKONEZE MSATSI NDI MSATSIMANGA

Pali chomera china chimene maina ake amafanana ndi msatsi, ndicho msatsimanga, umene ena amautcha jatrofa. Umenewu unachokera ku Amereka, ndipo anthu amaudzala ngati mpanda wa pakhomo kapena wa khola chifukwa nthambi yake mukangoizika imaphuka. Mutha kuusiyanitsa ndi msatsi motere: chipatso cha msatsimanga n'chosalala, chilibe minga, chimayamba chobiriwira, kenako chachikasu, pomaliza chakuda. Njere zake n'zakuda, zilibe mawanga onyezimira ngati a nsatsi.

Kusiyana kwakukulu kuli pa mafuta. Mafuta a nsatsi akayengedwa bwino sakhala ndi poizoni. Mafuta a msatsimanga ali ndi poizoni mwa iwo okha, ngakhale muwayenge bwanji pakhomo, kotero sayenera kulowa m'kamwa mwa munthu kapena chiweto. Njere zake zimakoma ngati mtedza, ndipo ana amanyengeka nazo. Ngati mukugula mafuta kwa munthu amene simukumudziwa, mufunseni kuti anayenga njere zanji. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

MMENE MAKOLO ANKAYENGERA MAFUTA

Mafuta odzola a m'sitolo asanabwere, agogo athu ankadzola mafuta a nsatsi. Ntchito yoyenga inali ya amayi. Ankathyola matsango okhwima n'kuwayanika padzuwa mpaka zipatso zitaphulika. Kenako ankapeta kuchotsa makoko, n'kukazinga njerezo pa phale. Zikapsa ankazisinja mu mtondo mpaka zitakhala ngati chiponde. Chipondecho ankachithira mu mphika wa madzi n'kuwiritsa nthawi yaitali. Mafuta ankayandama pamwamba, ndipo mayi ankawengula pang'onopang'ono, n'kuwatenthetsanso kuti madzi otsalira aphwe. Akazirala ankawasunga mu nsupa.

Taonani nzeru imene ili m'njira imeneyi. Poizoni wa mu nsatsi amaonongeka ndi moto, ndiponso sasakanikirana ndi mafuta. Amatsalira m'madzi ndi m'zosinjidwa zija. Makolo athu sankadziwa dzina la poizoniyu, koma pokazinga ndi powiritsa ankamugonjetsa. Munthu amene lero akuthamangira kupeza ndalama n'kufupikitsa nthawi yowiritsa, kapena kusiya nsenga m'mafuta osasefa bwino, akuchotsa chitetezo chimene makolo anaikamo.

NTCHITO ZAKE PA MANKHWALA A MAKOLO

Ntchito yoyamba inali ya pakhungu. Munthu akasamba ankadzola nsatsi kuti asatuwe, makamaka m'miyezi yozizira ya June ndi July. Ankadzolanso m'ming'alu ya m'zidendene, pa zipsera ndi kumutu kuti tsitsi lifewe. Anamwali potuluka ku chinamwali ankawadzoza mafuta amenewa kuti thupi ling'anime pamaso pa anthu. Mafuta omwewa ankafewetsera zikopa.

Ntchito yachiwiri inali ya masamba. Tsamba la msatsi ankaliwamba pamoto pang'ono n'kulimanga pa chotupa, pa chithupsa, pa bondo la nyamakazi kapena pamphumi pa munthu amene mutu ukumupweteka.

Ntchito yachitatu inali yosungunulira mankhwala ena. Asing'anga ambiri amaotcha mizu, n'kupera makala ake, n'kusakaniza ndi mafuta a nsatsi mu nsupa. Zimenezi ndizo amapaka m'mphini akatemera munthu. Amayi enanso amasakaniza mafutawa ndi mankhwala opaka pa liwombo la mwana.

Ntchito yachinayi, yodziwika pa dziko lonse, inali yotsegula m'mimba mwa munthu wodzimbidwa. Achikulire ambiri amene akuwerenga nkhani ino akukumbukira supuni ya mafuta onunkha aja imene ankamwetsedwa ali ana, mphuno atatsina.

ZIMENE A ZACHIPATALA APEZA

Pafupifupi theka la kulemera kwa njere ya nsatsi ndi mafuta. M'mafutawo, magawo 85 mpaka 90 pa 100 alionse ndi asidi wotchedwa ricinoleic, amene sapezeka wochuluka chotere m'mafuta a mbewu zina zimene timalima. Munthu akamwa mafuta a nsatsi, asidiyu amamasuka m'matumbo n'kuwachititsa kuti azifinya mwamphamvu, ndipo pakapita maola 2 mpaka 6 munthu amathamangira kuchimbudzi. Mu 2012 akatswiri a ku Max Planck Institute m'dziko la Germany anaonetsa kuti asidi yemweyu amagwira minofu ya chiberekero monga mmene amagwirira ya matumbo. Tibwereranso ku mfundo imeneyi, chifukwa ikukhudza amayi oyembekezera.

Kotero makolo ananena zoona kuti mafutawa amatsegula m'mimba. Ananenanso zoona kuti amafewetsa khungu, chifukwa amatseka chinyezi kuti chisachoke msanga. Mpaka lero mafakitale amawaika m'sopo, m'mafuta odzola ndi m'zopaka milomo. Tsamba lofunda pa bondo limapepuza ululu monga mmene nsalu yofunda imachitira, koma silichotsa chimene chayambitsa nthendayo.

Tsono pali zina zimene zikufalitsidwa pa WhatsApp, Facebook ndi TikTok, zoti mukadontheza mafuta a nsatsi pamchombo mimba imaphwa, zoti amasungunula zotupa za m'chiberekero, zoti amachiza khansa, ng'ala ndi matenda a shuga. Palibe umboni wa chipatala wotsimikiza zimenezi. Mayi amene wapeza chotupa m'bere n'kutha miyezi 6 akupakapo mafuta, wataya miyezi imene madokotala akanamuthandiza nthenda isanafalikire. Musadonthezenso mafuta oyenga pakhomo m'maso kapena m'khutu limene likutuluka mafinya.

Pa za mphini, kumbukirani kuti lezala limodzi likatemera anthu awiri likhoza kupatsirana kachirombo ka HIV ndi matenda a chiwindi. Pa za liwombo, dziwani kuti liwombo la mwana likalowa mkati, makamaka pamene akutsegula m'mimba kapena kusanza, ndiye kuti madzi akutha m'thupi mwake. Mwana wotere afunika kuyamwa pafupipafupi, kumwa madzi a Thanzi ndi kupita naye kuchipatala tsiku lomwelo. Chopaka pamutu sichibwezera madzi m'thupi.

POIZONI ALI M'NJERE

Njere ya nsatsi ndi yokongola, yonyezimira, ndipo ana amakonda kuitola kuti aziseweretsa. Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. M'njeremo muli poizoni wotchedwa ricin. Anamutulukira ndi Hermann Stillmark mu 1888 pa sukulu ya ukachenjede ya Dorpat, mzinda umene lero ukutchedwa Tartu m'dziko la Estonia. Poizoniyu akalowa m'thupi amaletsa tizigawo ting'onoting'ono ta thupi kupanga zomanga thupi, ndipo tizigawoto timafa.

Kuti mumvetse mphamvu yake, mu September 1978 mlembi wina wa ku Bulgaria, Georgi Markov, anabayidwa pamwendo mu mzinda wa London ndi kachitsulo kochepa ngati mutu wa phini. Anamwalira patapita masiku 4, ndipo ofufuza anagamula kuti m'kachitsulomo munali ricin. Pangano la maiko loletsa zida za mankhwala oopsa, limene linasainidwa mu 1993, linaika ricin pa mndandanda woyamba wa zinthu zoletsedwa. Mpaka lero palibe mankhwala ofafaniza poizoniyu akalowa m'thupi.

Njere yomezedwa yathunthu nthawi zina imadutsa m'mimba osasweka, chifukwa chikhokho chake n'cholimba. Njere yotafunidwa ndiyo yoopsa kwambiri. Njere zowerengeka chabe zikhoza kudwalitsa munthu wamkulu mwakayakaya, ndipo kwa mwana wamng'ono ngakhale imodzi kapena ziwiri n'zokwanira kumuika pangozi.

Pali amayi ena amene amauzana kuti kumeza nsatsi kumaletsa kutenga pathupi. Chonde musayese. Palibe amene angakuuzeni kuchuluka kwa poizoni amene ali m'njere imene mwagwira, chifukwa njere zimasiyana. Njira zodalirika za kulera zilipo m'zipatala za boma za ku Ndirande, Limbe, Bangwe, Zingwangwa ndi Chilomoni, ndiponso ku Banja La Mtsogolo.

MWANA AKATAFUNA NSATSI

Zizindikiro siziyamba nthawi yomweyo. Mwana akhoza kusewera bwinobwino kwa maola angapo, kenako n'kuyamba kumva m'mimba kupota, kusanza ndi kutsegula m'mimba, nthawi zina mwa magazi. Madzi akatha m'thupi amafooka, maso amalowa, mkodzo umachepa, ndipo impso ndi chiwindi zikhoza kuonongeka. Ngati mwaona kapena mukukayikira kuti mwana watafuna nsatsi kapena njere za msatsimanga, chitani izi:

1. Chotsani zotsalira m'kamwa mwake ndipo mumutsukuluze m'kamwa ndi madzi oyera.

2. Musadikire kuti ayambe kudwala. Pitani naye msanga kuchipatala chimene muli nacho pafupi. Odwala kwambiri amawatumiza ku chipatala chachikulu cha Gulupu, cha Queen Elizabeth.

3. Tengani njere kapena chipatso chimene anadya kuti adokotala akachione. Muwauze nthawi imene anadya ndi kuchuluka kwake.

4. Musamukakamize kusanza pomupisa chala kukhosi, ndipo musamumwetse madzi a mchere wambiri, mafuta ophikira kapena mankhwala azitsamba.

5. Ngati ayamba kusanza kapena kutsegula m'mimba muli panjira, muzimumwetsa madzi a Thanzi pang'onopang'ono.

6. Funsani ana onse amene amasewera naye, chifukwa kawirikawiri ana sadyera okha. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kuchipatala amathandiza pobwezera madzi m'thupi ndi dilipi ndi kuyang'anira impso. Ambiri amene afika msanga amachira. Oopsa ndi kuchedwa.

Misatsi imene ili pafupi ndi nyumba, sukulu, mkombaphala kapena pamalo osewerera ana, izuleni isanabereke. Mukachita zimenezi mwagwirizana ndi anansi anu, chifukwa njere zophulika sizidziwa malire a puloti.

AMAYI OYEMBEKEZERA NDI MAKANDA

Tanena kale kuti mafuta a nsatsi amafinyitsa chiberekero. Amayi ena akaona kuti masiku akwana koma matenda sakuyamba, amauzidwa kuti amwe mafutawa, monganso ena amamwera mwanamphepo. Kunyumba palibe amene angayeze ngati mwana wagona bwino m'mimba, ngati njira ili yokwanira, kapena ngati mtima wa mwanayo ukugunda bwino. Chiberekero chikamafinya mwamphamvu njira isanatseguke, mwana amabanika, ndipo mayi amene anachitidwapo opaleshoni ali pangozi yoti chilonda chakale ching'ambike. Kuonjezera apo, kutsegula m'mimba kumamufooketsa mayi pa nthawi imene akufunika mphamvu zake zonse. Abambo, apongozi ndi anamkungwi, udindo wanu ndi kuperekeza mayiyo kuchipatala. Anamwino ndi madokotala ndiwo aone chochita masiku akapitirira.

Khanda lisamwetsedwe mafuta a nsatsi, kaya n'chifukwa cha kulira usiku, kaya n'chifukwa choti silinachite chimbudzi. Mpaka litakwana miyezi 6, chakudya chake ndi bere lokha. Pamchombo wa khanda musapakepo mafuta alionse kupatula mankhwala amene akupatsani kuchipatala.

Munthu wamkulu wodzimbidwa ayambe wamwa madzi ambiri, adye masamba, mapapaya ndi nsima ya mgaiwa. Ngati afuna mafuta a nsatsi, agule oyengedwa ku fakitale m'sitolo ya mankhwala yovomerezeka ndi bungwe la boma loona za mankhwala la PMRA, ndipo afunse muyeso wake. Asamwe masiku otsatizana, chifukwa matumbo amazolowera ndipo thupi limataya madzi ndi mchere. Amene m'mimba mukumupweteka kwambiri, kapena mimba yatupa ndipo akusanza, asamwe konse, apite kuchipatala. Mafuta oyenga pakhomo akhale a pakhungu basi.

MSIKA WA NSATSI PA DZIKO LAPANSI

Tsopano tibwere ku funso la malonda. N'zoona kuti mafuta a nsatsi amafunika m'mafakitale. Amapangira penti, vanishi, girisi, mafuta a mabuleki, inki ndi pulasitiki wolimba wa mtundu wa nayiloni. Pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918 injini zambiri za ndege zinkayendera oilo wa nsatsi. Dzina loti Castrol, limene mumaliona pa zigubu za oilo, linatengedwa ku dzina la Chingerezi la mafutawa.

Dziko la India ndilo limakolola nsatsi zoposa magawo 80 pa 100 alionse a dziko lonse lapansi, ndipo zambiri mwa izo zimalimidwa m'chigawo cha Gujarat, kumene kunachokera makolo a amalonda ambiri Achimwenye a mu Limbe. Alimi a kumeneko amadzala mbewu za haibulidi, ambiri amathirira, ndipo amapeza pafupifupi makilogalamu 2,000 pa hekitala. Mafakitale ofinya ali nawo pafupi. Maiko ena olima nsatsi ndi Brazil, China ndi anansi athu a ku Mozambique. Ku Kenya, kampani ya ku Italy yotchedwa Eni inatsegula fakitale yofinya mbewu za mafuta, kuphatikizapo nsatsi, m'dera la Makueni mu 2022.

Apa pali phunziro. Mtengo wa nsatsi pa dziko lonse umatsatira zokolola za ku India, ndipo mlimi wa kuno amene akudzala nsatsi zathu zophulika, modalira mvula yokha, sangayembekezere zokolola zofanana ndi za ku Gujarat. Chinanso, mafakitale oyenga mafuta ophikira kuchokera ku soya, mpendadzuwa ndi njere za thonje sangafinye nsatsi m'makina omwewo, poopa kuipitsa mafuta odya ndi chakudya cha ziweto. Nsatsi imafuna wogula wakewake.

Ambiri a inu mukukumbukira zimene zinachitika ndi msatsimanga m'zaka za pakati pa 2005 ndi 2012. M'maiko ambiri a mu Afrika, kuphatikizapo kwathu kuno, alimi analimbikitsidwa kudzala mitengoyi pouzidwa kuti mafuta ake adzayendetsa galimoto. M'malo ambiri zokolola zinachepa, ogula ena anasiya, ndipo alimi anatsala ndi mitengo yosadyeka. Chimanga chikasowa msika mumadya. Nsatsi ikasowa msika simungadye, simungadyetse nkhuku, ndipo kuisunga m'nyumba n'kusunga ngozi.

KALIMIDWE KA NSATSI

Kwa inu amene mwapeza wogula wodalirika, nazi mfundo zofunika.

Malo: Msatsi umakonda nyengo yotentha ndi nthaka yosasunga madzi. Umafa msanga pa lowe, kotero musadzale m'dambo. Mizu yake imapita pansi kwambiri, ndipo ukakhazikika umapirira ng'amba kuposa chimanga. Madera otentha monga Chikwawa, Balaka ndi kumunsi kwa Lirangwe ndi oyenera kuposa mapiri a Limbe ndi Bvumbwe. Kumapiri kuno chifunga ndi mvula ya chiperoni zimabweretsa chuku chotuwa chimene chimaoletsa matsango.

Munda ukhale kutali ndi nyumba, njira ya ana a sukulu ndi msipu wa ziweto. Musachepetse munda wa chakudya chifukwa cha nsatsi.

Kudzala: Dzalani ndi mvula yoyamba yokwanira. Mitundu yaifupi idzalidwe pa mizere yotalikirana masentimita 90, mapando otalikirana masentimita 60. Mitundu yaitali ifuna malo okulirapo, mita imodzi ndi theka kapena kuposerapo. Ikani njere 2 kapena 3 pa phando, kuya kwake masentimita 5. Nsatsi imachedwa kumera, imatha sabata imodzi mpaka masabata 3. Ikamera patulirani kuti patsale mbewu imodzi pa phando.

Kupalira: Msatsi umakula pang'onopang'ono poyamba, ndipo udzu umaupambana. Munda ukhale woyera m'masabata 6 oyambirira. Manyowa amathandiza, koma feteleza wokulitsa akachuluka mtengo umangochita masamba. Chitani kasinthasintha wa mbewu, musabwereze nsatsi pamalo amodzi chaka ndi chaka, poopa matenda ofotetsa a m'nthaka.

KUKOLOLA NDI KUSUNGA

Mitundu yaifupi imayamba kukhwima pakatha miyezi 4 kapena 5. Matsango sakhwimira pamodzi, kotero mudzakolola katatu kapena kanayi. Dulani tsango pamene zipatso zingapo zayamba kuuma ndi kuda. Mukadikira kuti lonse liume, nsatsi zathu zimaphulikira pansi. Yanikani pa malo otchingidwa bwino kuti njere zisadumphire kunja ndiponso ana, mbuzi ndi nkhumba zisafikepo. Pomenya ndi popeta mangani nsalu kukamwa ndi kumphuno, chifukwa fumbi la nsatsi limayambitsa chifuwa chobanika, kuyetsemula ndi kuyabwa kwa maso mwa anthu ena. Mukatha sambani m'manja ndi sopo musanadye. Sankhani njere zosweka ndi zachuku, chifukwa zimaononga mafuta ndi kutsitsa mtengo.

Mtondo, phale, lichero ndi mphika zimene mwagwiritsa ntchito pa nsatsi zisagwirenso ufa kapena nsinjiro. Zotsalira mukayenga ndi manyowa abwino, koma muzikwirire pansi kapena pa dzenje la kompositi lotchinga, chifukwa ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi agalu zimafa zikadya. Madzi owiritsira musatayire pamene ziweto zimamwa.

Mfundo yotsatirayi ikukhudza mlimi aliyense, ngakhale amene salima nsatsi. Njere za nsatsi zisalowe m'matumba a nandolo, soya, nyemba, mtedza kapena chimanga. Nandolo wambiri wa ku Blantyre, Chiradzulu ndi Mulanje amapita kunja, makamaka ku India, ndipo soya amapangira chakudya cha nkhuku. Maiko ogula amakhwimitsa malamulo pa nkhani imeneyi. Lamulo la maiko a ku Ulaya limene linakhazikitsidwa mu 2002 sililola zidutswa za nsatsi zoposa mamiligalamu 10 pa kilogalamu ya chakudya cha ziweto. Njere zochepa za mlimi mmodzi zikhoza kukanitsa katundu wa kalabu yonse. Choncho musayanike kapena kumenyera mbewu zanu pansi pa msatsi, zulani misatsi yomera yokha m'munda wa nandolo isanabereke, ndipo thumba limene munaikamo nsatsi lilembedwe chizindikiro, lisadzalowenso chakudya.

MUSANAGAULE MUNDA

Musanagule mbewu, pitani kwa mlangizi wa dera lanu kapena ku msika wa bungwe umene muli nawo pafupi, mukafunse ngati pali wogula nsatsi chaka chimenecho. Munthu akabwera m'mudzi mwanu kudzakuuzani kuti mulime nsatsi, mufunseni mafunso awa: Kodi ofesi yanu ili kuti? Mudzagula pa mtengo wanji pa kilogalamu? Mudzagulira kuti, ndipo adzalipira mayendedwe ndani? Mbewu mukutipatsayi ndi ya mtundu wanji, ndipo inayesedwa kuti m'dziko muno? Ngati ndi ngongole, tidzabweza bwanji mvula ikavuta? Mayankho ake alembedwe pa pepala, asainidwe pamaso pa mlangizi ndi a komiti ya kalabu yanu. Amene akukana kulemba, musiyeni apite.

Chaka choyamba yesani pa kamunda kakang'ono, mizere yowerengeka, ndipo lembani masiku amene mwagwira ntchito, ndalama zimene mwalowetsa ndi makilogalamu amene mwapeza. Kenako yerekezani ndi zimene malo omwewo akanakupatsani mukanadzala nandolo kapena mtedza. Mukatero mudzasankha nokha ndi manambala anu.

Amayi amene mumayenga mafuta odzola kuti muzigulitsa, wiritsani mokwanira, sefani bwino, thirani m'mabotolo oyera, ndipo lembanipo kuti ndi odzola, si akumwa. Ngati mufuna kuti malonda anu alowe m'masitolo, bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards, limene likulu lake lili mu Blantyre momwemuno, ndilo limayeza katundu wotere.

Nkhani ino ikambidwe pa msonkhano wa kalabu yanu mwezi uno. Sabata yomweyo yenderani mabwalo a nyumba zanu, sukulu ya ana anu ndi malo amene mumayanika mbewu, muone ngati pali msatsi kapena msatsimanga umene ukubereka. Amene muli ndi mafunso ena, kaonaneni ndi mlangizi wanu kapena lemberani kalata kwa mkonzi wa nyuzi ino.